Mwafunsa za ma hybrid, achimwene

Mukuti malonda oitanitsa galimoto za hybrid, zija zoyendera mafuta ndi batire lalikulu pamodzi, amayenda bwanji? Ine ma Toyota Aqua ndi ma Honda Fit ndinayamba kukawatenga kudoko la Dar es Salaam ndi ku Beira anthu kuno ku Mangochi akuwaopa, amvekere galimoto yanji yodzuka osalira. Lero omwewo ndiwo amandiimbira usiku. Anadzionera okha nthawi ya mizere ya mafuta ija, mnzawo wa Aqua akuzungulira Monkey Bay ndi Liwonde, iwo akugona pa filingi ndi zigubu.

Koma musatengeke ndi kuwala kwa penti. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ine ndili m'njira ndi Prius ya mphunzitsi wina, mtengo titapangana kale. Kufika pachipata cholowera m'dziko muno, bwana wina wa msonkho sanawayang'ane n'komwe mapepala a ku Japan, anangotchula duty ya m'mutu mwake. Ndinkagona m'galimoto momwemo, udzudzu ukundidya, iye akungoti netiweki yavuta, bwerani mawa. Anthu amenewa malipiro awo amabwera ndithu pakutha pa mwezi, za katapila amene akuswa usiku ndi usana alibe nazo ntchito. Nditaikiliyala, ndisanapite patali, pa dashibodi panayaka chizindikiro chofiira cha ngodya zitatu chija. Batire lalikulu linali litatha. Ndinagulitsa bwato ndi chilimira cha malemu bambo anga kuti mphunzitsiyo alandire galimoto yamoyo. Anailandira, ndipo ikuyendabe, kafunseni.

Batirelo ndiye galimotoyo. La Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo, lili ndi kafani kake kopumira. Fumbi ndi kutentha kwa kuno kwa mu Okutobala zimalipha msanga, makamaka wina akatseka popumirapo ndi thumba la usipa. Ogula muziwauza zimenezi, apo ayi adzakutchulani wakuba pamsika.

Zoti zimasamala chilengedwe n'zoona, ndipo ine zimandikhudza chifukwa ndinakulira pa nsomba. Ikaima injini imazima yokha, utsi palibe, ndipo potsika phiri la Chowe kuchokera ku Namwera imadzitchaja pa mabuleki. Chimandiwawa ndi mabatire akufa otayidwa kuseri kwa magalaji, mvula n'kumakokolola dothi la pamenepo kupita mu Shire mpaka ku Malombe. Anga ndimawasunga m'nyumba pouma.

Wa ku Makanjira akafuna Aqua mukanireni, ndi yotsika kwambiri, akaphwanya kunsi n'kukubwererani.