Yankho kwa azakhali pa za nyengo ya kuno ku Harare

Azakhali, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu lija pa gulu, loti kodi kuno nyengo imayenda ngati kwathu, komanso ngati ntchito ya Mulungu sikutilemera ine ndi abusa. Ndati ndingolankhula, kulemba kundichedwetsa, nyemba zili pamoto.

Miyezi yake ndi yomweyo. Mvula Novembala mpaka Malichi, kuzizira Juni ndi Julayi, kenako dzuwa la Okutobala. Koma kuzizira kwake si kwa ku Salima ayi. Mzindawu uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndiye masiku ena mukadzuka mumapeza udzu uli mbuu, madzi a mu ndowa kungowakhudza zala zimauma. Anzathu Achishona amati chando. Chaka choyamba ndinkalira usiku, zoona azakhali, kufunsa Ambuye kuti mwatitumiranji kuno.

Koma ndi m'chisanu momwemo m'mene ndinaudziwa mpingo. Paja mpingo wa CCAP kuno unayamba mu 1912, kutsatira anthu a kwathu amene ankabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, mpaka unadzakhala sinodi payokha mu 1965. Ambiri mwa anthu aja sanabwererenso, ndi matchona amene mumawamva aja. Ana awo ndi adzukulu ali ku Mabvuku, Tafara, Mufakose, ambiri Chichewa amangomva, kuyankha amayankha m'Chishona. Kukazizira, agogo aja saoneka kutchalitchi. Mukayang'ana mabenchi akutsogolo muona mipata, ndiye ife amayi a chigwirizano timawalondola kumakomo.

Ku Epworth kuli agogo ena aamuna, kwawo n'ku Dedza, anachoka ali mnyamata. Tinawapeza m'kachipinda, bulangete limodzi, mbaula yozima, kapu ya tiyi wopanda shuga pambali. Tinakoleza makala, tinaphika phala, kenako tinayamba nyimbo ya Chichewa. Maso anali otseka koma milomo inkatsatira mawu onse, ndime zonse, osaphonya. Ine mawu anandithera pakhosi.

Kumapeto kwa Ogasiti tinapitakonso, tinawatulutsa panja kuti awothere dzuwa. Nthawi imeneyo mitengo imene kuno amati msasa imakhala yaphuka masamba ofiira, ena ngati a bulawuni, m'mapiri monse psuu, pamene pansi pali gwa, fumbi lokhalokha, mvula ikadali miyezi iwiri kapena itatu kutsogolo. Agogo aja anauloza mtengo ndi ndodo n'kunena kuti, "Mayi busa, uwu suyembekeza kuona mtambo." Mawu amenewo ndimayenda nawo. Ntchito ya kuno zipatso zake sizioneka msanga. Mumaphunzitsa ana a Sande sukulu chaka chonse, mwina makolo awo n'kusamukira ku Joni, inu n'kuyambanso ndi ena. Poyamba zinkandiwawa. Pano ndimangokonzekera phunziro la sabata yamawa.

Panopa ndi nthawi ya jakaranda. Msewu wa Leopold Takawira ndi ku ma Avenues maluwa a pepo achita kuyala pansi ngati mphasa, kukongola kwake ndimalakalaka mukanaona. Koma kutentha nako, ndipo kudera kwathu kuno mipopi imatha masiku osadontha, timalawirira kumjigo ndi zigubu. Anthu ayamba kale kusosa m'mbali mwa misewu, paliponse pali kamalo amadzalapo chimanga, ngati kwathu komwe. Lachinayi lapitali tinawerenga Genesis 8 ndime 22, paja Mulungu analonjeza kuti kudzala ndi kukolola, kuzizira ndi kutentha sizidzatha, ndipo tinapempherera mvula ya kuno ndi ya kwanuko pamodzi.

Ndiye musade nkhawa, tili bwino. Chopempha changa n'chimodzi: achimwene akamabwera pa basi mu Disembala, muwapatsire Baibulo la Chichewa la zilembo zikuluzikulu, ndi la agogo aja, maso awo afooka. Mukaikamonso kausipa pang'ono, ndikawaphikire. Moni kwa amalume ndi ana onse.