Wayamba ma ARV ndiye wadwala kuposa kale, asiye?

Mayi wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, wanditumizira imelo, ndipo wapempha kuti dzina ndisatchule. Mlongo wake anamupeza ndi TB komanso HIV nthawi imodzi, CD4 (nambala ya asilikali a m'thupi) itatsika kufika pa 38. Atayamba mankhwala a TB anayamba kupezako bwino mpaka kumadya nsima, kenaka kuchipatala anamuwonjezera ma ARV. Patangotha milungu iwiri thupi layambanso kutentha, mwanabere watupa m'khosi, ndipo azakhali alamula kuti mapiritsiwo asiyidwe chifukwa "akumuwotcha m'kati". Funso ndi lakuti: "Achimwene, inu mumagwira ku labu, asiye kapena ayi?"

Achemwali, asasiye, ndipo mubwerere naye kuchipatala lero lomwe. Zina zoti muchite ndinena kumunsi, koma mundilole ndiyambe ndalankhula, chifukwa kalata yanuyi yandikumbutsa maliro a kwathu.

Amalume anga anali telala ku Mabvuku, mu Harare momwemu. Makina awo a Singer ankakhala pakhonde, tepi yoyezera ili m'khosi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo mayunifolomu a ana a mumsewu wathu wonse ankasoka ndi iwowo. Bambo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, koma iwo anabadwira konkuno, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chishona monga tonsefe. Boma la Zimbabwe linayamba kugawa ma ARV m'zipatala zake mu 2004, koma masiku amenewo sumangofika n'kulandira ayi. Ankafuna CD4 ya pansi pa 200, ndiye umalembedwa pamndandanda n'kumadikira, ena kumwalira dzina lili pamndandandapo. Amalume atalandira botolo lawo loyamba tinasangalala ngati apata ntchito. Anali kale pa mankhwala a TB, chifuwa chitachepa, atabwereranso pamakina.

Mwezi usanathe, khosi linatupa mbali ya kumanja. Batani la kolala linakana kutseka, ndipo munthu wokonda kutchena uja anayamba kuyenda atazenga kansalu m'khosi ngati kuli chisanu. Usiku ankanyowetsa mashiti ndi thukuta. Abale anasonkhana pabalaza: azakhali, akuluakulu awiri a sosaite yathu ya maliro, ndi mneneri wina wa mkanjo woyera amene anabwera ndi madzi a m'botolo. Mlandu unaweruzidwa msanga. Munthu anali kuchira, wamwa za azunguzi wadwala, ndiye pakufunikanso umboni wanji? Mapiritsi anakathera m'chimbudzi.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti chotupacho chinaphwadi. Anaphwa khosi, kutentha thupi kunasiya, azakhali n'kumati mwaonatu. Palibe amene akanawatsutsa, poti maso a aliyense ankaona. Patapita miyezi amalume anayamba kuwonda mwakachetechete, opanda chotupa, opanda phokoso, ndipo tinakawaika dzinja lotsatira lisanafike.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinkachitika m'khosi muja, chifukwa ndi zomwe zikuchitika mwa mlongo wanu ngati madokotala atsimikiza.

Magazi a CD4 amafika kwa ife m'kachubu ka chivundikiro chapepo. Timatapako pang'ono, n'kuthiramo mankhwala okhala ndi utoto wowala amene amamatirira pa maselo okhawo amene ali ndi chizindikiro cha CD4 pakhungu lawo. Makina amakoka madziwo kudutsa pakanjira kopapatiza zedi, selo limodzilimodzi, kuwala kwa laser n'kumaliwomba lililonse. Pakompyuta pamatuluka timadontho. Munthu wabwinobwino amakhala ndi maselo amenewa pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho ka magazi kochepa kuposa mutu wa singano, ndipo pasikirini mumaona chimtambo chakuda bii. Wa 38 mumaona timadontho tomwazikana toti mukhoza kuwerenga ndi chala. Ine ndikaona zotere ndimayamba ndayang'ana zaka za mwini magaziwo papepala, sindidziwa chifukwa chake.

Anthu amati CD4 ndi asilikali a m'thupi, ndipo n'zoona, koma ntchito yawo yaikulu ndi kulamula. Amene amameza tizilombo ndi maselo ena akuluakulu otchedwa macrophage. Amenewa anawatulukira Élie Metchnikoff mu 1882 ali ku Messina, atabaya kamwana ka nyama ina ya m'nyanja ndi minga ya duwa n'kupeza m'mawa mwake maselo ataunjikana kuzungulira mingayo. Anthu a nthawi yake ambiri ankaona kutupa ngati matenda basi, iye n'kumati ayi, thupi likudziteteza, ndipo mu 1908 analandira mphoto ya Nobel. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa mkangano wa pabalaza pathu uja unali womwewo, kungoti ife tinalibe maikulosikopu.

Kachilombo ka TB n'kochenjera. Kakamezedwa ndi macrophage sikafa, kamakhala momwemo n'kumaswana. Kuti macrophage akaphe, amadikira uthenga wochokera kwa CD4, makamaka mankhwala ena achilengedwe otchedwa interferon gamma. HIV nayo imalowera pachizindikiro chomwe chija cha CD4, zimene ofufuza anatsimikiza mu 1984, ndiye imapha olamulawo. Zikatero munthu akhoza kudzaza TB m'mapapo, m'mimba, m'mitsempha ya mwanabere, koma osatupa paliponse, nthawi zina ngakhale X-ray kuoneka yoyera. Mafinya, kutupa ndi kutentha thupi zimapangidwa ndi maselo a munthu mwini pamene akumenyana. Wopanda asilikali satupa.

Ndiye mwamupatsa ma ARV. Cha m'ma 1995 ndi 1996, David Ho ndi Alan Perelson anaonetsa kuti thupi la munthu wosamwa mankhwala limapanga tizilombo ta HIV mabiliyoni tsiku lililonse, ndipo mukatseka fakitale imeneyo tizilomboto timagwa m'magazi m'masiku owerengeka. Dolutegravir amene ali m'piritsi la TLD lomwe ambiri akumwa pano amagwetsa mofulumira kuposa mankhwala a nthawi ya amalume. CD4 imayamba kukwera, koma m'milungu yoyambayi sikuti thupi labala asilikali atsopano. Ndi akale omwe, amene anapanikizika m'mitsempha ya mwanabere, akutuluka n'kuyamba kuyendayenda. (Maselo a mtundu umenewu amene ali m'magazi ndi awiri okha pa 100 alionse, enawo ali m'matumbo ndi m'ziwalo zina, choncho nambala imene timakupatsani ku labu ndi kachigawo chabe.) Ambiri mwa akalewa anakumanapo ndi TB ndipo amaikumbukira. Akafika amapeza ma macrophage odzaza ndi tizilombo, tamoyo ndi takufa ndi mankhwala, ataunjikana kwa miyezi popanda wowalamula. Amalamula onse nthawi imodzi. Zili ngati anyamata osaka mbewa amene ayatsa tchire mu Okutobala: mbewa zikufadi, koma moto wafika pankhokwe. Madokotala amatcha zimenezi IRIS, ndipo zimagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu kapena asanu ndi mmodzi amene ayamba ma ARV ali pa mankhwala a TB, makamaka amene CD4 yawo ili pansi pa 50 kapena 100, kawirikawiri m'milungu iwiri kapena inayi yoyamba.

Mwaona tsopano chifukwa chimene khosi la amalume linaphwera. Atasiya mapiritsi, HIV inabwerera n'kugonetsanso asilikali aja. Chimene azakhali anachitcha kuchira chinali kugonja kwa thupi.

Apa mpamene ndimapsa mtima. Zimenezi si chinsinsi cha ku London. Mbali yaikulu ya kafukufuku wa momwe tingasamalire anthu ofika kuchipatala mochedwa inachitika pakati pathu pompano, ndi magazi a abale athu. Kafukufuku wa DART, wa anthu 3,316 a ku Uganda ndi Zimbabwe, anayamba mu 2003 ndipo Harare inali limodzi mwa malo ake. Pambuyo pake kunabwera REALITY, wa anthu 1,805 a ku Zimbabwe, Malawi, Uganda ndi Kenya, onse CD4 yawo ili pansi pa 100. Anapeza kuti mukawapatsa mankhwala angapo otchipa oteteza ku TB, fangasi, mabakiteriya ndi njoka za m'mimba pamodzi ndi ma ARV, omwalira m'milungu 24 yoyamba amatsika kuchoka pa 12 kufika pa 9 mwa anthu 100 alionse. Dzina loyamba pa lipoti la 2017 limenelo ndi la Pulofesa James Hakim wa ku University of Zimbabwe, amene Covid inatilanda mu Januwale 2021. Ku Khayelitsha, ku Cape Town, Graeme Meintjes ndi anzake anayesa anthu 240 odwala TB amene ankayamba ma ARV. Theka anawapatsa prednisone, mankhwala ochepetsa kutupa, kwa milungu inayi, ndipo IRIS inagwira 33 mwa 100 alionse, pamene mwa amene sanalandire inagwira 47. Zonsezi zinasindikizidwa, misonkhano inachitika m'mahotela, tiyi anamwedwa. Nanga bwanji mayi wa ku Mufakose akufunsa munthu wa pa intaneti?

Kale ndinkawaimba mlandu azakhali anga aja. Pano ayi, kapena tinene kuti pang'ono pokha. Iwo anaona ndi maso awo, ndipo palibe amene anawachenjeza. Chiganizo chimodzi chokha pa tsiku lopereka botolo loyamba chikanakwanira: mwina mutupa, mwina mutentha thupi, zikatero musasiye, bwerani. Ndikudziwa kuti namwino ali yekha, mzere wafika panja pa geti, malipiro ake ndi ochepa. Komabe chiganizo chimenecho sichitenga mphindi. Ndipo chinenedwe kwa amene amalamula pakhomo, osati kwa wodwala yekha amene mutu wake uli kale zungulizunguli. Kwathu kuno wodwala sadzilamulira yekha. Agogo athu ambiri a ku Mbare, Tafara ndi Dzivarasekwa amamva Chishona cha pamsika, koma nkhani ya moyo ndi imfa amaimvetsa m'Chichewa, ndipo palibe amene amawafunsa ngati amva.

Amene sindimukhululukira ndi wa mkanjo woyera uja ndi anzake onse. Pempherani, ine ndemwe ndimapemphera, ndinakulira m'kwaya ya CCAP. Koma munthu amene amauza wodwala kuti ataye mankhwala kuti aonetse chikhulupiriro, iye mwini akadwala mutu n'kuthamangira kufamasi, ameneyo ndi chigawenga. Pamaliro a amalume sanabwere n'komwe.

Chinanso, chiyambireni mu 2016 pamene anati aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala osadikira, anthu ena anamva ngati CD4 yatha ntchito. Kuyamba msanga n'kwabwino, sindikutsutsa, ndipo viral load, kuchuluka kwa HIV m'magazi, ndiyo imatiuza ngati mankhwala akugwira. Koma popanda CD4 yoyamba ija mudziwa bwanji kuti uyu ali pa 600, apite kwawo, uyu ali pa 38, timuyang'anitsitse? Bungwe la WHO likunenabe kuti ayezedwe poyamba. Mlongo wanu ali ndi mwayi kuti anamuyeza.

Ndiye mutani, achemwali?

Pitani lero, mutanyamula khadi lake ndi mabotolo onse, ngakhale a zitsamba ngati akumwa. Ine sindine dokotala ndipo sindinamuone, ndiye sindinganene kuti ndi IRIS. Dokotala naye amayamba wachotsa zina: TB yosamva mankhwala (afunseni za kuyeza makhololo kapena mafinya pa makina a GeneXpert), matenda ena atsopano, mankhwala kumuwenga, kapena kudumphitsa mapiritsi. Munene zoona ngati azakhali abisa kale botolo masiku angapo.

Funsani ngati anamuyeza magazi a CrAg, oona fangasi wolowa mu ubongo n'kuumitsa khosi. IRIS ya mwanabere wa m'khosi imasautsa koma kawirikawiri siipha, ya mu ubongo ndiyo yoopsa. Kafukufuku wa COAT ku Uganda ndi South Africa anapeza kuti odwala fangasi ameneyu akayamba ma ARV mofulumira amamwalira 45 mwa 100, pamene odikira milungu isanu amamwalira 30. N'chifukwa chake mutu wosasiya, khosi louma, kusanza, kusokonezeka kapena kukomoka si zodikira kuche. Chimodzimodzi kubanika, maso achikasu, kapena zidzolo zofika m'kamwa ndi m'maso.

Funsaninso za dolutegravir wowonjezera. Rifampicin wa m'mankhwala a TB amachepetsa mphamvu yake, ndiye pamafunika kapiritsi kena ka 50 mg patatha maola 12. Bactrim, woteteza ku matenda ena, asamusiye.

Mwanabere akafewa amatha kumupopa mafinya ndi jakisoni, musamuboole kunyumba kapena kutemera. Prednisone amathandiza, koma alembe ndi dokotala, chifukwa kwa munthu amene ali ndi khansa ya pakhungu ya Kaposi amaikulitsa, ndiye osakagula kwa anyamata ogulitsa mapiritsi pamsika. Kutupako kukhoza kutenga milungu, ena miyezi, kumaphwa n'kumabwereranso, iye akumwabe mankhwala onse awiri tsiku ndi tsiku.