Makina saona madzi, amayeza nthaka

Achimwene, mwafunsa kuti muyambire pati kuphunzira zofufuza pansi pa nthaka muli kuno ku Joni, komanso ngati alipodi makina oonetsa pamene pali madzi. Makina otero kulibe. Chimene amayeza ndi mmene nthaka ikukanira magetsi, kulemera kwa miyala, kapena mphamvu ya maginito. Kumasulira manambalawo ndi ntchito yanu, ndipo wosadziwa miyala ya deralo amakumbitsa anthu mjigo wouma.

Yambani ndi resistivity, njira yoyeza mmene nthaka ikukanira magetsi, poti ndi imene mukaigwiritse ntchito kwambiri ngakhale kumudzi. Mumakhoma zitsulo zinayi pamzere umodzi. Ziwiri zakunja zimalowetsa magetsi m'nthaka, ziwiri zamkati zimayeza voteji. Mukamatalikitsa zakunjazo, magetsi amalowa pansi kwambiri. Koma waya wotambasulidwa mamita 200 amangokuuzani za mamita pafupifupi 40 kupita pansi, osati 200.

Thanthwe lolimba limawerenga ma ohm-m (muyeso wa kukana magetsi) opitirira 1,000. Thanthwe lofumbutuka lomwe lasunga madzi limatsika kwambiri. Msampha uli apa: dongo nalo limawerenga motsika, nthawi zambiri pansi pa 20, ndipo madzi amchere ngati a madera ena a kuchigwa cha Shire amatsika kuposa pamenepo. Mukangothamangira nambala yotsikitsitsa, mukumba m'dongo losatulutsa madzi. Ndiye musanamasulire, funsani za mijigo yoyandikana nayo: inakumbidwa mamita angati, madzi anawapeza pati.

Mu Juni ndi Julaye nthaka ya kuno imauma gwa, magetsi amakanika kulowa. Thirani madzi osungunulamo mchere pachitsulo chilichonse, muchikhome mpaka chisagwedezeke, kenako yezani kaye ngati chagwirana bwino ndi dothi. M'tauni muno mulinso mapaipi achitsulo, mipanda yamagetsi ndi mawaya okwiriridwa. Mzere wanu usayende motsatira paipi, uidutse mopingasa.

Kummwera ndi kumadzulo kwa Johannesburg, komanso ku Centurion pafupi ndi Pretoria, kuli mwala wa dolomite umene umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi n'kusiya mphako pansi. Mu 1964 ku Blyvooruitzicht, pafupi ndi Carletonville, nyumba inamira usiku pamodzi ndi banja la anthu asanu, nthawi imene migodi ya m'deralo inkapopa madzi ochuluka apansi. Pa dolomite njira yodalirika ndi gravity, yoyeza mphamvu yokoka ya dziko imene imatsatira kulemera kwa miyala yapansi, chifukwa pamene mwala wadyeka pamapepuka. Imafuna kudekha kwambiri. Kukwera mita imodzi yokha kumasintha muyeso ndi pafupifupi 0.3 mGal (muyeso wa mphamvu yokokayo), pomwe chimene mukusakacho chingachepe kuposa apo, choncho kukwera kwa malo aliwonse muyeze mpaka pa masentimita. Muzibwereranso pamene munayambira pakatha ola limodzi kapena awiri, poti manambala a gravimeter, makina oyezerawo, amasuntha okha. Mapu akatuluka amangokulozerani poti muboole, chitsimikizo chimachokera m'zibuma zotuluka pobowolapo.

Magnetometer, yoyeza mphamvu ya maginito, ndi yosavuta kunyamula. Ndi imene katswiri wa miyala Rudolf Krahmann anagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1930 kulondola miyala yamaginito yomwe inalozera golide wa ku Far West Rand, dera la migodi kumadzulo kwa Johannesburg. Koma poyeza siyani foni, makiyi ndi nsapato zokhala ndi chitsulo kunsonga, galimoto iime patali. Radar, yotumiza mafunde a wailesi m'nthaka, ndi yabwino posaka mapaipi osazama, kungoti m'dongo lonyowa siilowa.

Za sukulu: yunivesite ya Wits ku Braamfontein imaphunzitsa geophysics, maphunziro ofufuza pansi pa nthakawa, mpaka honours (chaka chowonjezera pa digiri yoyamba) ndi kupitirira, ndipo masamu ndi fizikisi ndizo khomo lake. Mapepala akumudzi amayamba aunikidwa ndi SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro kuno. Kuti muzisaina malipoti kuno mumalembetsa ku SACNASP, bungwe lolembetsa akatswiri a sayansi. Podikira zimenezo, pezani mapu a miyala ya Gauteng ku Council for Geoscience ku Pretoria, muphunzire kuwawerenga, ndipo mukamva kuti gulu lina likufuna wokoka mawaya ndi kukhoma zitsulo, pitani ndi kope lanu muzikalemba nambala iliyonse pamodzi ndi dothi limene mwapondapo.