Khutu la mwana likamangobwereza, siyani kulitokosa

Mdzukulu wanga wina wa kwa Chitakale wandidandaulira kuti mwana wake wa zaka 7 khutu limangomuvuta, akapita kuchipatala amamupatsa mankhwala odontheza likupola, pakapita miyezi iwiri layambanso kuyabwa ndi kutuluka timadzi tonunkha. Apongozi ake akuti azithiramo mafuta ophikira kapena mkaka wa m'mawere, ndiye iye akuopa kuwakanira.

Mdzukulu wanga, yamba wayesa ichi. Ukoke khutulo pang'onopang'ono kapena udinikize kafupa kofewa kali pakhomo pa khutu paja. Akalira kuti mayo ndiye kuti vuto lili panjira yolowera ija, khungu lake ndi lomwe latupa. Lija la m'kati kwenikweni nthawi zambiri limabwera ndi chimfine ndi kutentha thupi, limenelo ndi nkhani ina.

Tsono lakunjali limakonda madzi. Kuno ku Mulanje mitsinje ndi mbwee, Likhubula, Ruo, Thuchila, ndipo kukatentha mu Okutobala muja anawa amaswera komweko kudumphira m'madzi mpaka maso kufiira, madzi aja akatsalira m'khutu khungu limafewa ngati zala za munthu amene wachapa tsiku lonse, apo tizirombo talowa basi. Sindikuti umuletse kusambira mpaka kalekale ayi, mwana wa kuno sungamuletse mtsinje. Koma akavuuka apendeke mutu mbali iyi kenako inayo madzi atuluke, umupukute kunja kokha ndi kansalu koyera. Ndipo nthawi yomwe khutu likudwala asapite kumtsinje olo anzake amuitane chotani, pomusambitsa uziika kathonje kopaka Vaseline pakhomo pa khutu kuti madzi a sopo asalowe.

Koma chomwe chimandipweteka mtima ine ndi kutokosa. Amayi mumati mukasambitsa mwana mwatenga kamtengo ka machesi, wina nthenga ya nkhuku, a masiku ano mukugula ma cotton bud ku golosale, nkumapota m'khutu mwa mwana mpaka muone kuti mwayera. Phula lija si litsiro ana inu! Ndi lomwe limateteza khungu la mmenemo kuti madzi asalowerere, limalepheretsanso tizirombo kuswana, ndipo likachuluka khutu limalikankhira lokha kunja, iwe ntchito yako ndi kupukuta lomwe lafika pakhomo basi. Ukalikokota lonse khungu limauma, likuyabwa, mwana akulowetsa chala cha zikhadabo zazitali kaya chivindikiro cha bolopeni kusukulu, wadzikanda kachilonda, matenda abwerera. Nchifukwa chake limangobwereza. Umuwenge zikhadabo, ndipo mahedifoni a pafoni aja osamabwerekana.

Mankhwala akuchipatala nawonso ambiri mumasiyira panjira mukaona kuti ululu watha. Maliza masiku onse omwe adokotala anena. Umugoneke chammbali khutu lodwalalo lili kumwamba, udontheze, akhale choncho mphindi zingapo asanadzuke. Ngati mukutuluka mafinya pota kansalu kofewa koyera kayamwe kaye mafinyawo, osakankhira m'kati.

Za apongozi. Iwo akunena chifukwa chokonda mdzukulu wawo, ndiye usawayankhe mwathamo kapena kuwaseka pagulu kuti ndi zachikale. Koma mafuta, mkaka kaya madzi a masamba m'khutu lodwala ayi, usalole, zimangowonjezera chinyezi ndi tizirombo, komanso pena kachikopa ka m'kati kaja kamakhala kataboka iwe osadziwa, zinthuzo nkulowerera. Uwauze amuna ako awalankhule mayi awo, kapena uwapemphe mwaulemu kuti amayi tiyeni mundiperekeze kuchipatala, akamve okha kwa adokotala. Akulu savuta ukawalowetsa m'nkhani.

Ukaona kuseri kwa khutu kwatupa kukupweteka, thupi latentha kapena mwana sakumva bwino ukamuitana, usadikire mawa, thamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Mafinya akapitirira masabata awiri uwauze a chipatala momveka, utengenso buku lake aone kuti vutoli labwera kangati, akaona kuti nkofunika atha kukutumiza ku Queens ku Blantyre komwe kuli madokotala a makutu. Uwasonyezenso ngati mwanayo ali ndi ziwengo m'mutu kapena kuseri kwa makutu, pakuti khungu lovuta nalonso limabweretsa zimenezi.