Funsani Aphunzitsi: Kodi za dziko la Israel zimaphunziridwa kusukulu?

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mtsikana wa zaka 20, ndimakhala ku Chiputula kuno ku Mzuzu ndipo ndangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Achimwene anga ali ku Israel, akugwira ntchito m'minda. Akaimba foni amatiuza zodabwitsa: ati bwana wawo ndi Myuda koma sapita kusunagoge, ndipo dalaivala amene amadzanyamula zokolola ndi Mwarabu, Msilamu, komanso nzika ya dzikolo. Bambo anga, omwe ndi mkulu wa mpingo, amati Israel tinamudziwa kalekale m'Baibulo. Ine ndikufuna kulidziwa bwino dzikoli. Kodi maphunziro ake alipo, kapena ndingokachita zaubusa?

YANKHO: Mwanangu, maphunzirowo alipo, ndipo si aubusa ayi. Amawatcha Israel Studies. Akatswiri ake ali ndi bungwe lawo lomwe linayamba mu 1985, ndipo mayunivesite monga Brandeis ku America ndi Ben-Gurion ku Israel komweko ali ndi nthambi zake. Amafufuza mbiri, ndale ndi kakhalidwe ka anthu a dzikolo monga momwe ife timafufuzira za John Chilembwe kapena za referendamu ya 1993: ndi zikalata, mboni ndi ziwerengero.

Bambo ako usawatsutse. Wosadziwa Baibulo sangamvetse chifukwa chake Ayuda anakhala zaka mazanamazana mtima uli ku Jerusalem. Koma dziko limene achimwene ako akuthyolamo zipatso linabadwa pa 14 May 1948, pomwe David Ben-Gurion, mtsogoleri wake woyamba, analengeza ufulu wake. Agogo ena ku Chiputula komweko ndi aakulu kuposa dzikolo.

Njira yofikira tsiku limenelo ndi yokhotakhota. Mu 1897 mtolankhani wachiyuda Theodor Herzl anasonkhanitsa Ayuda mumzinda wa Basel ku Switzerland kuti akambirane zokhala ndi dziko lawolawo, chifukwa ku Ulaya ankazunzidwa. Mu 1903 Angerezi anawaloza malo kuno ku Africa, m'dera lomwe lero ndi Kenya, koma pamapeto pake anawakana. Angerezi omwewo, amene ankatilamulira ife mu Nyasaland, ndiwo analonjeza Ayuda mu 1917 malo ku Palestine, kumene Aarabu anali ochuluka kale. Kenako Hitler anapha Ayuda 6 miliyoni, ndipo mu 1947 bungwe la United Nations linavomereza kuti dziko la Palestine ligawidwe pawiri, la Ayuda ndi la Aarabu.

Apa ndiye ndikufuna utchere khutu. Nkhondo ya 1948, yomwe Aisraeli amaikumbukira ngati ya ufulu, Apalestina amaitcha Nakba, kutanthauza tsoka lalikulu, chifukwa anthu awo pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi mwawo. Kwa zaka zambiri ana a sukulu ku Israel ankauzidwa kuti anthuwo anachoka okha. Boma litatsegula zikalata zakale, akatswiri a mbiri a ku Israel komweko monga Benny Morris ndi Avi Shlaim, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anaonetsa kuti ambiri anachotsedwa ndi asilikali kapena ndi mantha a nkhondo. Anzawo ena anawatsutsa, ndipo mkanganowo sunathe mpaka lero. Ine ndimaulemekeza mkangano umenewu. Mlandu sagamula atangomva mbali imodzi, ndipo wophunzira za Israel amene sawerenga zolemba za Apalestina ali ngati mfumu yogamula mwini dandaulo asanafike pabwalo.

Zimene akudabwa nazo achimwene ako ndizo mitu yeniyeni ya maphunzirowa. Mwa nzika zisanu zilizonse za Israel, mmodzi ndi Mwarabu, ndiye dalaivala uja sali yekha. Ayuda ambiri sapembedza kwenikweni, pomwe ena, otchedwa Haredi, moyo wawo wonse ndi chipembedzo, ndipo magulu awiriwa amakokanakokana pa nkhani yolowa usilikali. Alipo ochokera ku Morocco, ku Iraq, ku Russia, ngakhale ku Ethiopia, kumene mu 1991 ndege zinanyamula Ayuda oposa 14,000 m'maola 36 okha. Nyumba yawo ya malamulo, Knesset, ili ndi mipando 120, ndipo anthu savotera phungu wa dera ngati kuno, amavotera chipani. Palibe chipani chomwe chinapambanapo chokha mipando yoposa theka pachisankho, choncho boma limakhala la mgwirizano nthawi zonse. Mgwirizano ukasweka, nthawi zambiri kubwereranso kukavota. Pakati pa 2019 ndi 2022 anavota kasanu.

Poyambira pako si patali. Ukapeza mwayi ku Mzuni, ku Luwinga uko, tenga maphunziro a mbiri kapena a ndale. Za Israel zenizeni ambiri amazichita pa digiri yachiwiri, ndipo zimafuna Chiheberi, mwinanso ndi Chiarabu. Yamba kuphunzira zilembo zake pano, ngakhale pafoni.

Koma mutu umene ndingakonde kuti udzaufufuze uli pakhomo pompano. Malume anga anali a Young Pioneers. Madzulo, tikuwotha moto m'nyengo yachisanu ya Mzuzu ino, ankatifotokozera za alangizi a ku Israel amene ankawaphunzitsa kuguba m'mawa, kenako kulima m'mizere yoongoka, chingwe chili m'manja. Ankatulutsa kabuku kawo kothetheka m'mbali, mmene analembamo kutalikirana kwa mapando a chimanga. Anamwalira ndisanalembe mawu awo, ndipo kabukuko kanatayika posamuka. Zimandiwawa mpaka lero. Ubale wa Malawi ndi Israel unayamba mu 1964, ndipo mu 1973, maiko ambiri a mu Africa atathetsa ubalewo, Kamuzu sanatero. Anali ndi zifukwa zanji? Anapindula ndani? Akuluakulu oyankha mafunsowa akutha.

Ngakhale ulendo wa achimwene ako uli ndi muzu wake. Gulu la Apalestina la ku Gaza lotchedwa Hamas litaukira Israel pa 7 October 2023 ndi kupha anthu pafupifupi 1,200, nkhondo ya ku Gaza inabuka ndi kupululanso Apalestina zikwizikwi. Antchito ambiri a ku Thailand anabwerera kwawo, Apalestina analetsedwa kulowa kudzagwira ntchito, minda n'kusowa anthu. Mu November chaka chomwecho achinyamata 221 a ku Malawi ananyamuka, ndipo mu April 2024 Malawi anatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv.

Ndiye gula kope la masamba ambiri. Achimwene akaimba, afunse malipiro awo, maola amene amagwira, kumene amathawira chenjezo la mabomba likalira, zimene amacheza ndi dalaivala uja. Lemba tsiku pamwamba pa tsamba lililonse, ndipo uwapemphe chilolezo chosunga mauthenga awo a mawu a pa WhatsApp. Madzulo uziwawerengerako bambo.