Mafunso Anu: Kodi thandizo kwa amayi a ku Afghanistan lidzere kuti?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sekondale ya atsikana. Ine ndi anzanga tasonkha kandalama titamva kuti atsikana a ku Afghanistan analetsedwa sukulu. Pa Facebook pali mtsikana wina yemwe akuti amaphunzitsa anzake mobisa mumzinda wa Herat m'dzikomo, ndipo watitumizira zithunzi za kalasi yake. Timutumizire ndalamazi? *Mphunzitsi, Zomba*

Yankho: Aphunzitsi, ndalamazo zibakhala m'thumba. Zithunzi zimenezo ndiye zikutikayikitsa. Sukulu zobisika zilipodi, m'zipinda za nyumba za anthu, ndipo zambiri zimabisala m'dzina la kalasi yosoka kapena yophunzira Korani. Koma eni ake satumiza nkhope za ana kwa munthu yemwe sakumudziwa, pakuti zenera, chipata kapena chikwangwani cha mumsewu chikaoneka pachithunzi, apolisi sasowa njira yofikira pakhomopo. Ngati mtsikanayo ndi wabodza, ndalama zanu zapita. Ngati ndi woona, mukamulipira chifukwa cha zithunzi mwamulimbikitsa kuchita chinthu chimene chingamumangitse.

A Taliban, gulu lankhondo lomwe likulamulira Afghanistan, analanda likulu la dzikolo, Kabul, pa 15 Ogasiti 2021. Pa 23 Malichi 2022 atsikana analawirira ku sekondale atamva kuti zitsegulidwa, n'kubwezedwa patangotha maola ochepa. Mpaka lero mtsikana amalekezera giredi 6. Mu Disembala 2022 akazi anachotsedwa m'mayunivesite, kenako analetsedwa kugwira ntchito m'mabungwe omwe si aboma, ndipo mu Epulo 2023 chiletsocho chinafika kwa akazi a m'dzikomo ogwira ntchito ku United Nations. Chopweteka koposa chinadza mu Disembala 2024, pamene maphunziro a unamwino ndi uzamba anatsekedwa kwa akazi. M'madera ena mayi saloledwa kuonedwa ndi dokotala wamwamuna, ndiye azamba amene alipowa akakalamba, adzabereketse ndani?

Njira ya ndalama nayo ndi yokhota. Ndalama za banki yaikulu ya dzikolo, pafupifupi madola 7 biliyoni, zinatsekeredwa ku America mu 2021, ndipo mabanki ambiri akunja amaopa kutumiza ndalama kumeneko, ngakhale chigamulo cha United Nations cha nambala 2615 chimalola thandizo lopulumutsa anthu. N'chifukwa chake anthu amadalira hawala: mumapereka ndalama kwa wamalonda wina kunja, iye amaimbira mnzake wa ku Herat, mnzakeyo n'kupereka ndalama za m'dzikomo, zotchedwa afghani, kwa amene watchula nambala yachinsinsi. Ndalama yeniyeniyo siwoloka malire. Kwa abale odziwana njirayi imayenda bwino. Kwa inu, zinthu zikalakwika mulibe kokadandaula.

Perekani ku bungwe lomwe lili kale pantchito. Bungwe la madokotala la MSF lili ndi chipatala cha amayi oyembekezera ku Khost, bungwe la ku Italy la Emergency lili ndi china ku Anabah m'chigwa cha Panjshir. Poti mtima wanu uli pa sukulu, dziwani kuti SOLA, sukulu yogonera ya atsikana imene Shabana Basij-Rasikh anaiyambitsa ndi anzake, inathawa ku Kabul mu Ogasiti 2021 ndipo ili ku Rwanda. Musanapereke, onani ngati bungwelo linalembetsedwa ku boma la dziko lina lake, ngati limatulutsa lipoti la chuma chaka ndi chaka, ndiponso ngati ndalama ikulowa mu akaunti ya bungwe, osati ya munthu. Poti ndalama zakunja zikusowa kunoko ndipo banki imadula yake pa ulendo uliwonse, phatikizani zonse mutumize kamodzi.

Musamangirire mphatso yanu kuti "izi ndi za mabuku basi". Kuyambira mu Disembala 2021 mkazi saloledwa kuyenda ulendo wopitirira makilomita 72 popanda mahram, kutanthauza mwamuna wake kapena wachibale wamwamuna, ndipo m'malo ena amamufunsa ngakhale ulendo uli waufupi. Choncho mzamba mmodzi akamapita kumudzi, bungwe limalipira mipando iwiri m'galimoto, chakudya cha anthu awiri, pena ndi malo ogona a mchimwene wake yemwe akungokhala panja kudikira. Zoterezi palibe amene amafuna kuzilipirira, koma popanda izo mzambayo sachoka pakhomo.

Funso: Ndine namwino ndipo Loweruka ndimakhala ndi mpata. Ndingaphunzitse atsikanawa Chingerezi pa intaneti? *Namwino, Leeds*

Yankho: Mungathe, mayi, koma lowani kudzera ku sukulu ya pa intaneti yokhazikika, imene imasankha yokha ophunzira. Mukatsegula gulu lanulanu la pa WhatsApp, aliyense m'gulumo amaona nambala za anzake, ndipo foni imodzi ikasechedwa pa rodibuloko onse aululika. Ophunzira agwiritse ntchito mayina ongopeka, makamera akhale ozimitsa, phunziro lisajambulidwe, ndipo mauthenga akhale odzifufuta okha monga zimathekera pa pulogalamu yotumizirana mauthenga ya Signal. Musaike chithunzi cha kalasi pa tsamba lanu, ngakhale mutaphimba nkhope.

Magetsi amathimathima ndipo bando ndi yodula, ndiye vidiyo ya ola lathunthu ndi yongovutitsa. Tumizani mawu ojambulidwa a mphindi zochepa ndi mapepala a PDF oti akopere n'kuwerenga intaneti itazima. Zimenezi si zongoyerekeza: kumapeto kwa Seputembala 2025 boma la a Taliban linazimitsa intaneti ndi mafoni m'dziko lonse kwa masiku awiri. Nthawi ya ku Kabul ili patsogolo pa ya ku Britain ndi maola 4 ndi theka m'nyengo yozizira, 3 ndi theka m'nyengo yotentha, choncho 6 koloko madzulo kwanu ndi usiku kwa iwo.

Chimene chimapha makalasi otere ndi aphunzitsi amene amayamba ndi moto n'kuzimirira pakatha milungu itatu. Ngati simungalonjeze miyezi 6, ndi bwino mupereke ndalama, ndipo poti mumakhoma msonkho ku Britain, chongani Gift Aid kuti bungwe lilandire mapeni 25 owonjezera pa paundi iliyonse. Funsaninso kuti maphunzirowo akuthera pati. Chingerezi chopanda mayeso ovomerezeka, pasipoti ndi viza sichimutulutsa mtsikana m'nyumba. Bungwe la Linda Norgrove Foundation linatengera atsikana a ku Afghanistan ophunzira za udokotala 19 ku Scotland mu Ogasiti 2024, koma zinatenga zaka za kulimbana ndi mapepala.

Funso: Ife opanda ndalama, kulankhula pa intaneti kuli ndi phindu? *Wowerenga, Chipata*

Yankho: Kuli nalo ngati mukufalitsa zimene eni ake asankha kutulutsa. Rukhshana Media ya Zahra Joya ndi Zan Times ndi nyumba zofalitsa nkhani zotsogozedwa ndi amayi a ku Afghanistan, ndipo atolankhani awo a m'dzikomo amalemba ndi mayina obisika. Gawanani nkhani zawo mmene zilili. Mu Julayi 2025 khoti la milandu la dziko lonse lapansi la ICC linalamula kuti mtsogoleri wa a Taliban, Haibatullah Akhundzada, ndi mkulu wa makhoti awo, Abdul Hakim Haqqani, amangidwe pa mlandu wozunza akazi, ndipo Zambia ndi Malawi onse ndi mamembala a khotili, choncho muli ndi pomufunsira phungu wanu. Koma dzina la munthu yemwe akali m'dzikomo musalitchule pokhapokha abale ake atapempha okha. Matiullah Wesa, amene ankalimbikitsa poyera maphunziro a atsikana, anagwidwa ku Kabul mu Malichi 2023 n'kukhala m'ndende miyezi 7.