Kodi wotchi yoyeza mtima ingamuthandize mwana wanga?

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 16 anabadwa ndi vuto la mtima lotchedwa Tetralogy of Fallot, ndipo anamuchita opaleshoni ali khanda. Masiku ano mtima ukumamuthamanga ngakhale ali chikhalire. Mchemwali wanga akuti ndimugulire wotchi yoyeza mtima ija. Ndigule? — Mayi wodera nkhawa

YANKHO: Mayi, yambani mwapita naye kwa dokotala wa mtima, za wotchi zibwere pambuyo. Chipsera cha opaleshoni ngati imeneyi chimatha kusokoneza kagundidwe ka mtima patapita zaka zambiri. Dokotala angamuveke kachipangizo kotchedwa Holter, kamene kamajambula kugunda kulikonse kwa maola 24 mpaka 48.

Wotchi sindikuyinyoza ayi. Imawalitsa kuwala kobiriwira pakhungu n'kumawerenga mmene magazi akudutsira, ndipo zina zimajambula ECG, mizere yoonetsa kagundidwe ka mtima, mukagunditsa chala. Phindu lake ndi loti vutoli limakonda kubisala tsiku lokaonana ndi dokotala, pomwe wotchi imakhala pamkono nthawi imene layamba. Koma imaona mtima mbali imodzi yokha, pomwe makina a kuchipatala amauona mbali 12. Ndiponso ECG ya wotchi yotchedwa Apple Watch anaikonzera anthu a zaka 22 kupita m'tsogolo, ndiye mtima wosokedwa ngati wa mwana wanu ikhoza kuuwerenga molakwika. Muyezo wa okosijeni wa m'magazi umene wotchi zina zimapereka nawo umaphonya kawirikawiri pakhungu lakuda.

Mukagula, zimene yajambula muzisungira dokotala, musamasinthe mankhwala nokha. Akakomoka, akamabanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, thamangirani kuchipatala ngakhale wotchiyo ikunena kuti zonse zili bwino.